Kuvala ndi Kuvula

Agogo anga aamuna, amene adabadwira m'chigwa cha Shire nagonanso momwemo tulo tawo totsiriza, adali ndi kamtengo kena kamene ankakasomeka kudenga la nyumba yawo, kowonda ngati bango, kotalika ngati kuchokera pachigongono kulekeza kunsonga za zala, kokhala ndi kathabwa kobulungira chakumapeto kwake; ndipo tsiku lina chakumadzulo, ife adzukulu titawakakamiza, adakatsitsa, nakapukuta mwaye, natapa thonje pang'ono m'dengu limene linkadikira tsiku la msika, nachotsa njere zake ndi zala, nalikokakoka mpaka lidafewa, nayamba kupukusa kamtengo kaja pantchafu, kufikira ulusi udayamba kutuluka m'thonjemo monga utulukira mwa kangaude. Adatiuza kuti dzina lake ndi njinga, ndipo ife tidaseka chikhakhali, popeza njinga imene tinkaidziwa idali ya matayala awiri. Koma iwo sadaseke nafe. Adayang'ana ulusi uja nthawi yaitali, nati: "Bambo wanga adavala nsalu yochokera pakanthu aka. Ine ndalima thonje chibadwire, koma thonje langa sindidalivalepo."

Papita zaka zambiri chichokere madzulo amenewo, koma mawuwo sadandichoke m'khutu. Makolo athu, poumba chinenero chino, adaika mawu awiri pafupi kwambiri, kotero kuti asiyana lemba limodzi lokha, kuvala ndi kuvula. Kapena zidangochitika, koma munthu amene walondola mbiri ya nsalu, kuyambira kumunda kumene thonje limera kufikira pamsana pa iye wakuivala, sangalephere kudzifunsa ngati m'kufanana kwa mawuwo mulibe chiweruzo, ndiko kuti, ngati nkotheka konse pansi pano kuti munthu avale popanda kuvula wina.

Buku la Genesis silitibisira kuti chovala chili ndi dipo lake. Adamu ndi mkazi wake, atachimwa nazindikira umaliseche wawo, adasoka masamba a mkuyu, chovala cha mantha chimene chikadafota dzuwa lisanapendeke. Ndipo Mulungu mwini, asanawatulutse m'munda muja, adawapangira malaya a zikopa nawaveka. Alaliki amakonda kuima pa chifundo chimenecho, ndipo achita bwino. Koma kawirikawiri amapitirira osatchula kuti chikopa sichichoka pa nyama ikali ndi moyo. Kuti anthu awiri aja afunde, china chake chidavulidwa. Ndipo kuyambira pamenepo sipadakhale chovala chongogwa kumwamba ngati mana: nkhosa imetedwa, mtengo usendedwa khungwa, nthaka ipereka mafuta ake kwa thonje, ndipo msana wa munthu wina uwerama pamzere kuyambira mame asanaume. Mpovuta kunena kuti tchimo lili m'kutengako, pakuti cholengedwa chilichonse chidya kwa chinzake, ndipo Mlengi sadatipatse ubweya monga adapatsa nyani. Chilamulo cha Mose ndicho chidaona pamene pagona nkhani. Chidalola munthu kutenga chofunda cha mnzake ngati chikole cha ngongole, koma chidamlamula kuti achibweze dzuwa lisanalowe, popeza waumphawiyo alibe china chogonera, ndipo akalira usiku ndi chisanu, Mulungu adzamva. Chilamulo chomwecho chidalamula kuti munda upumule chaka chachisanu ndi chiwiri. Ndipo Yobu, podziyeretsa pamaso pa abwenzi ake, adaika munda wake pakati pa mboni zimene zikadamneneza, akadakhala kuti adadya zipatso zake osalipira. Kwa Ahebri aja, tsono, munda ndi mlimi adali ndi mlandu umodzi ndi bwalo limodzi, ndipo wopalamula adali iye amene watenga nalola dzuwa kulowa asanabweze.

Tikayeza zaka mazana anayi zapitazi ndi muyeso umenewu, mtima uchita kulemera. Zombo zimene zinkachoka ku Liverpool, ku Nantes ndi ku Lisbon kukagula anthu kugombe la kumadzulo kwa Africa zinkanyamula mfuti, mowa, zitsulo ndi mikanda, koma katundu wopambana onse adali nsalu, zambiri mwa izo zoombedwa ku India. Munthu wolengedwa m'chifanizo cha Mulungu ankayesedwa ndi mikwamba. Kuno kwathu, kumene malonda amenewo adadzera kunyanja ya kum'mawa, apaulendo ochokera ku Kilwa ndi ku Zanzibar ankafika ndi kaniki, nsalu yakuda ya ku India, ndi merikani, nsalu yoyera yosanyika mu utoto, imene dzina lake lomwe liulula kwawo. Londolani ulendo wa nsalu imeneyi, muone ngati padakhalapo chinthu china chomvetsa chisoni chotere. Thonje lake lidatoledwa ndi akapolo akuda m'minda ya kummwera kwa America. Lidaombedwa m'mafakitale a ku Massachusetts. Amalonda a ku Salem adaiolotsa nyanja kufika nayo ku Zanzibar. Amtengatenga adaisenza pamutu miyezi yathunthu kufikira kunyanja yathu. Ndipo pa Nkhotakota, pabwalo la Jumbe, kapena pakhomo pa mfumu ina ya m'mapiri, idasinthanitsidwa ndi minyanga ya njovu ndi ana a anthu. Thukuta la kapolo wa tsidya lija lidasanduka chuma chogulira kapolo wa tsidya lino. Ndipo pano tisadziyeretse, pakuti mlendo sakadagula pakadapanda wogulitsa: adalipo pakati pa makolo athu mwinimbumba amene adapereka mwana wa mlongo wake chifukwa maso ake adakopeka ndi nsalu, navala, namveka wolemera m'mudzi.

M'chaka cha 1793 Eli Whitney adapanga makina ochotsera njere m'thonje, ntchito imene agogo anga ankaichita ndi zala. Ndipo chimene chikadayenera kupeputsa goli chidalilemeretsa, pakuti thonje litayamba kupindulitsa, minda idafutukukira kumadzulo, ndipo mabanja adapatulidwa, mwana kugulitsidwa kwina, mayi kwina, kuti akaswe mphanje pamene nthaka yakale idaguga. Pofika 1860 akapolo m'dziko la America adatsala pang'ono kukwana 4 miliyoni, thonje lidaposa theka la malonda onse amene dzikolo linkatumiza kunja, ndipo mafakitale a ku Lancashire ankadalira minda imeneyo pa magawo atatu mwa anayi a thonje lawo. Nanga iwo amene adaveka dziko lapansi adavala chiyani? Kale mu 1735 boma la South Carolina lidali litaika lamulo lotchula mitundu ya nsalu yoyenera kapolo, yokhakhala ndi yotsika mtengo, kuti aliyense womuona pamsewu adziwe malo ake. Ndipo mu 1786 bwanamkubwa wa Chisipanishi ku Louisiana adalamula akazi akuda, ngakhale amene adali mfulu, kuti azibisa tsitsi lawo ndi duku. Akazi aja adamvera lamulolo, koma adasankha maduku a maanga owala, nawamanga mwaluso lotere kuti chizindikiro cha manyazi chidasanduka chisoti chaulemu, ndipo ine ndikawakumbukira ndimagwira mtima. Momwemonso ku Gee's Bend, kamudzi ka pamene mtsinje wa Alabama ukhota, adzukulu a akapolo, amene adalima thonje la eni minda nakhalabe ausiwa, ankatola mathalauza otha a amuna awo, matumba a ufa ndi zigamba za madiresi, nazilumikiza kukhala zofunda zochindikala zotchinjiriza ana ku chisanu cholowera m'ming'alu ya nyumba. Mmodzi wa iwo, Missouri Pettway, mwamuna wake atamwalira, adasoka chofunda mu 1942 ndi zovala za kumunda za malemuwo, kuti azifunda zimene zidali pathupi pawo. Zofunda zotere lero zipachikidwa m'nyumba zazikulu zoonetsera zaluso, koma zidasokedwa ndi anthu amene sadataye kanthu chifukwa adalibe kanthu kotaya.

Pamene David Livingstone adakwera mtsinje wa Shire mu 1859, adapeza Amang'anja akulima thonje lawo, la kaja, limene lidali la m'dziko momwemo, ndi la manga, lochokera kunja. Ndipo adaona m'midzi yambiri anthu akupota ulusi ndi kuomba nsalu. Maganizo ake adali oti chigwa chimenechi chikayamba kugulitsa thonje ku England, mafumu adzaleka kugulitsa anthu, ndipo eni akapolo a ku America adzasowa msika. Sindikayika kuti adalinga zabwino. Koma walira mvula walira matope. Malonda amene adawalakalaka adabweradi, koma adabwera pamodzi ndi msonkho wa nyumba ndi thangata, mawu okoma aja amene kale adatanthauza kuthandizana kwa anansi pamunda, nasanduka dzina la ntchito yokakamiza. Bungwe la British Cotton Growing Association, lokhazikitsidwa ku Manchester mu 1902, linkafuna thonje losapota, loti likapotedwe ndi kuombedwa kwawo, libwerere kuno ngati nsalu ya m'sitolo. Ndipo njinga za m'midzi zidakwera kudenga imodziimodzi. Ngakhale dzina la nsalu yathu lidatichoka: machila, imene makolo ankaomba nagulitsa kutali m'chigwa cha Zambezi, idatsala kukumbukika ngati chonyamulira chimene anthu akuda ankasenzeramo mzungu paulendo.

Ku Magomero, pamene Bishopu Mackenzie adamanga mishoni mu 1861 pamodzi ndi akapolo omasulidwa, padadzakhala esiteti yaikulu ya thonje ya banja la Bruce, limene mwana wamkazi wa Livingstone adakwatiwako, ndipo nkhanza za pamenepo ndi zina mwa zimene zidadzutsa John Chilembwe mu January 1915. Tisaiwale kuti Chilembwe adaphunzira ku Lynchburg, m'dera la Virginia, pakati pa ana a akapolo, ndi kuti mmodzi wa anthu akuda a ku America amene adadza kudzamthandiza pa Mbombwe, mayi Emma DeLany, ankaphunzitsa akazi kusoka. Anthu a mpingo wa Chilembwe ankavala mwaudongo, majekete, nsapato ndi zipewa, m'masiku amene munthu wakuda ankayenera kuvula chipewa akakumana ndi mzungu panjira. Ndipo kavalidwe kawoko kankalalikira, pakamwa pali potseka, kuti iwonso ndi anthu. Kutsidya kwa malire, ku Mozambique, boma la Apwitikizi lidakakamiza alimi kulima thonje kuyambira 1938 mpaka 1961, minda ya chakudya nigonera, ndipo ambiri adathawira kuno.

Wina adzati zonsezi nzakale, tsobola wakale sawawa. Ndikadakondwa kumvomera, ndikadapanda kuona ndi maso anga, pamsika wina wa thonje kwathu kuchigwa, mayi amene iye ndi ana ake adakhala masabata akusankha thonje loyera kulipatula ndi lothimbirira, ataima pasikelo ndi matumba ake asanu. Wogula adayeza, nalemba, nachotsa ngongole ya mbewu, nachotsa ya mankhwala opopera mbozi, nampatsa zotsala. Ndipo mayiyo adaziwerenga kawiri, nazimanga pamfundo ya chitenje, naoloka msewu kupita pamene mnyamata wina adali atangodula mawaya a belo la kaunjika. Adagwada pamuluwo pamodzi ndi anzake, nafunafuna, natulutsa kamalaya ka mwana kolembedwa dzina la sukulu ina ya kutsidya la nyanja. Iye amene adalima thonje loyera ngati mtambo adapita kwawo ndi zimene adavula ena. Sindinyoza kaunjika, pakuti wathetsa usiwa m'mabanja ambiri ndipo wadyetsa ana a ogulitsa. Koma ndifunsa chifukwa chake dziko limene lidali ndi oomba nsalu Livingstone asanafike, limenenso lidaona fakitale ya David Whitehead ikutsegulidwa ku Blantyre mu 1967, likutumizabe thonje lake lochuluka kunja losapota. Ku Ghana zovala za kaunjika amazitcha obroni wawu, ndiko kuti zovala za mzungu womwalira, popeza anthu sadakhulupirire kuti wamoyo angataye zochuluka chotero. Pamsika wa Kantamanto mu Accra zimafika mamiliyoni sabata iliyonse, ndipo zosagulitsika zimakathera kudzala, m'ngalande ndi pagombe la nyanja. Ndipo popeza ulusi woposa theka wa zovala za masiku ano upangidwa ndi mafuta okumba pansi, zovalazo siziola. Munthu ndi fumbi ndipo adzabwerera kufumbi, koma malaya ake adzatsala.

Masiku ano kwabuka alimi, oomba ndi osoka, ku America, ku Ulaya, ku India ndi mu Africa muno, amene akuti ulusi uzilimidwa mobwezera nthaka chonde chake, utoto uzichokera ku zomera, ndipo chovala chikatha chizitha kuola. Pakati pawo pali ana a anthu akuda a ku America amene abwerera ku thonje ndi ku indigo, chomera cha utoto wa buluu, mbewu zimene zidakhetsa misozi ya makolo awo, kuti azilime panthaka yawoyawo ndi mwa kufuna kwawo. Nzeruyi siyachilendo pakati pawo. George Washington Carver, wobadwira mu ukapolo ku Missouri, atafika ku Tuskegee mu 1896, adapeza nthaka ya ku Alabama itaguga ndi thonje la chaka ndi chaka ndi kukokoloka ndi madzi. Ndipo munthu wopemphera uja adaphunzitsa alimi osauka, amene sakadatha kugula feteleza, kututa masamba ovunda ndi matope a m'madambo kukhala manyowa, ndi kusinthanitsa thonje ndi mbatata, mtedza ndi khobwe, pakuti mbewu za m'gulu la nyemba zimabweza m'nthaka chakudya chimene thonje lidatenga. Khobwe yemweyo adaoloka nyanja kuchokera mu Africa m'masiku a zombo za akapolo. Alangizi athu akamanena za kasinthasintha wa mbewu, za nandolo pakati pa mizere ndi za ulimi wa mleranthaka, akunena zomwezo.

Koma chitsanzo chimene chandigwira mtima koposa ndi cha Abaganda a ku Uganda, amene kuyambira kalekale apanga nsalu ndi khungwa la mutuba, mtengo wa mtundu wa kachere. Ifenso tidali ndi chiwondo ndi nyanda zathu, koma mombo ukasendedwa kawirikawiri unkauma. Mmisiri wa ku Buganda amasenda khungwa m'nyengo ya mvula, nalifewetsa, nalisasantha maola ambiri ndi zibonga za mizeremizere kufikira litatambasuka kangapo, naliyanika padzuwa kuti lifiire ngati katondo. Nsalu imeneyi ivalidwa polonga ufumu ndi kukulungira akufa, ndipo bungwe la UNESCO lidailengeza mu 2005 kuti ndi chuma cha anthu onse. Koma asanachoke pamtengo paja, mmisiriyo amatenga masamba a nthochi nakulunga thunthu limene walivula, kuti dzuwa lisaliotche. Ndipo pakapita chaka khungwa latsopano lakhwima, kotero kuti mtengo umodzi uveka banja zaka makumi angapo, uku ukupereka mthunzi kwa khofi ndi nthochi za m'munda. Sindidziwa ulaliki wina wa lamulo la chikole lija woposa uwu. Munthuyo watenga, inde, ndipo mtengo waima wamaliseche pamaso pake. Koma sadalole dzuwa kulowa asanauveke.

Pamenepa ndiye funso langa lija lipeza poima. Kuvala popanda kuvula kanthu nkosatheka kwa ana a Adamu. Chotheka, ndiponso cholamulidwa, ndicho kubwerera kwa chimene wachivula ndi kuchifunditsa. Koma ndili nako kuopa kwanga pa changu chatsopanochi chobwezera nthaka chonde chake, ndipo sindikubisa. Nthaka njosavuta kuilapira, popeza ilibe pakamwa pofunsira malipiro, ndipo chikwangwani chonena kuti malaya awa adalimidwa mosamala nthaka chimakweza mtengo wake m'sitolo za ku London ndi New York. Munthu akhoza kugula mtima woyera ndi ndalama, mayi wa pasikelo uja nalandirabe zomwe zija. Ukakwera pamsana pa njovu usamati kunja kulibe mame. Mu 1920 alimi akuda ku America adaposa 900,000, koma lero sakwana 50,000, ndipo minda yambiri idawachoka ndi ngongole, chinyengo ndi tsankho. Nanga nthaka imeneyo ikabwezeredwa chonde m'manja mwa ena, mlandu watha kodi? Zakeyu atalapa sadalonjeze chabe kuti kuyambira tsikulo adzayeza ndi muyeso wolungama. Adakumbukira amene adawalanda, nanena kuti adzawabwezera kanayi, ndipo pamenepo mpamene chipulumutso chidalowa m'nyumba mwake. Kubweza kumene kutiyenera ife kuli ndi maina ake odziwika: mtengo umene mlimi angadyetse nawo ana ake, munda umene sadzachotsedwapo, ndi makina opota ndi kuomba oimikidwa pafupi ndi pamene thonje limera, kuti mdzukulu wa wolima adzavale thonje la kwawo. Ndiponso ife eni, amene tigula zitenje zatsopano pa ukwati uliwonse ndi pa msonkhano uliwonse, sitili kunja kwa bwalo limeneli, pakuti sitifunsa konse kumene zidaombedwa ndi amene adaweramira thonje lake.

Agogo aja atatisiya, anyamata adatumidwa kusitolo kukagula nsalu yoyera yowakulungira, yoombedwa kutali. Ndipo pamene nyumba yawo inkapasulidwa, ndidapempha amalume kuti njinga ija andipatse. Chaka chatha ndidabzala mizere isanu ya thonje kuseri kwa nyumba, pakati pa nandolo, osapopera kanthu koma madzi a masamba a nimu. Mbozi zidadya gawo lawo, ine nditola kadengu kamodzi. Ulusi unkangoduka m'manja mwanga, mpaka mayi wina wokalamba wa m'mudzi woyandikana nafe, amene ali kamtsikana adaonerapo amalume ake akupota, adandilandira njingayo, napaka zala zake phulusa, nati: "Mukukoka ngati mukulanda, bambo. Lilekeni thonje libwere lokha." Tapota ulusi wokwana nkhonya ya munthu wamkulu. Woomba sitinampeze, ndipo mdzukulu wanga, amene amayenda ndi malonda m'midzi ya ku Nsanje, wautenga m'thumba mwake, ndipo akufunsa paliponse ngati watsala wina wokumbukira kaimikidwe ka mitengo yoombera machila.